Malipiro, masiku anayi pa sabata kapena kugwira ntchito kunyumba: mupemphe chiti?

Abwana akafunsa kuti, "Taona kuti mwatopa, tikuchitireni chiyani?" ambiri timayankha kuti malipiro. Ngati ndalama zimatha mwezi usanafike pakati, pemphani zomwezo, zinazi mudzaziona pambuyo. Koma ngati malipiro akukwanira ndithu, ndipo chikukupwetekani n'kudzuka m'mawa mtima usakufuna, ndalama payokha sichiza. Mu 1959 katswiri wa ku America Frederick Herzberg ndi anzake anafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a ku Pittsburgh, ndipo anapeza kuti malipiro ochepa amakwiyitsa, koma akakwera amangochepetsa madandaulo. Chimwemwe chimachokera pa ntchito yeniyeniyo, kuyamikiridwa ndi kupatsidwa udindo. Akatswiri ena anatsutsa kafunsidwe kake, komabe amene anawonjezeredwapo malipiro akudziwa kuti pakapita miyezi ndalamayo imazolowereka, bwana wovuta uja ali pomwepo.

Tsono mpikisano weniweni uli pa njira ziwiri zokhudza nthawi.

Ya masiku anayi ndiyo imakoma kumva. Ku Britain, kuyambira Juni mpaka Disembala 2022, makampani 61 okhala ndi antchito pafupifupi 2,900 anaiyesa: malipiro osadulidwa, maola ochepetsedwa, ntchito yotuluka yofanana ndi kale. Pomaliza, makampani 56 anapitiriza, ndipo antchito 71 mwa 100 alionse anati kutopa kwawo kwachepa. Koma tisatengeke msanga. Makampaniwa anadzipereka okha, ndipo ambiri anali a ntchito za muofesi. Tsiku lachisanulo silichoka lokha, pamafunika kudula misonkhano ya maola awiri ija imene anthu khumi amakhala akumvetsera munthu mmodzi akuwerenga zomwe akanangotumiza pa imelo. Kuchipatala, m'sitolo kapena pa geti, komwe munthu ayenera kukhalapo nthawi zonse, tsiku lopumalo limafuna kulemba antchito ena, ndipo apa eni ntchito amakanda mutu.

Chenjeraninso ndi masiku anayi onamizira, pomwe maola 40 amangopanikizidwa kukhala 10 pa tsiku. Lachinayi madzulo mumafika kunyumba muli wefuwefu, Lachisanu lonse n'kuthera pa bedi. Ku Iceland, pakati pa 2015 ndi 2019, poyesera pa antchito ena a boma, anadula maola enieniwo, kuchoka pa 40 kufika pa 35 kapena 36.

Njira yogwira ntchito kunyumba masiku ena umboni wake ndi wolimbirapo, chifukwa anaiyesa posiyanitsa magulu awiri ofanana. Nicholas Bloom wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake anatsata antchito 1,612 a kampani ya ku China ya Trip.com. Anawagawa potengera tsiku lobadwa: ena analoledwa kukhala kunyumba Lachitatu ndi Lachisanu, ena muofesi masiku onse asanu. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2024 zinaonetsa kuti pagulu lololedwa kukhala kunyumba lija osiya ntchito anachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, makamaka amayi ndi okhala kutali, ndipo kagwiridwe ka ntchito kapena kukwezedwa pa udindo sizinasokonekere.

Masiku awiriwo muwagwiritse. Pakafukufuku wa m'mbuyomo pakampani yomweyo, oyankha mafoni anakhala kunyumba masiku anayi pa sabata. Ntchito inakwera ndi 13 peresenti, inde, koma ankakwezedwa mochepa kuposa anzawo, ndipo atapatsidwa mwayi wosankha, pafupifupi theka anabwerera kuofesi, ambiri chifukwa chosungulumwa. Palinso zija kafukufuku sazigwira bwino: laputopu ili pa tebulo lodyera, mwana akugogoda pachitseko, meseji ya abwana ikulowa 9 koloko usiku poti "muli kunyumba kale". Musanavomere, gwirizanani za ola lowerukira.

Za mapulogalamu a pafoni ophunzitsa kupuma mwakachetechete ndi maphunziro opirira kupanikizika, sindichedwapo. William Fleming wa ku Oxford anaunika mayankho a antchito oposa 46,000 a ku Britain, ndipo mu 2024 anapeza kuti ochita nawo zimenezi sanasiyane ndi osachita. Pulogalamu siichotsa fayilo ngakhale imodzi padesiki panu.

Ine ndikanasankha masiku awiri a kunyumba. Sabata ya masiku anayi ingapose pa kupumitsa thupi, koma imafuna kuti kampani yonse isinthe kachitidwe, ndipo inu nokha simungaikankhe. Masiku awiri mungawapemphe mawa lomwe, n'kunena kuti muyesere miyezi itatu kaye. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nanga amene ntchito yawo singanyamulidwe kupita nayo kunyumba? Pemphani mawu pa ndandanda ya mashifiti: kuidziwa pasadakhale, ndi kuloledwa kusinthana ndi mnzanu popanda kuchonderera. Kafukufuku wa Whitehall II pa ogwira ntchito m'boma ku London anasonyeza kuti osowa ulamuliro pa ntchito yawo amadwala mtima kwambiri kuposa anzawo. Ndipo ngati mukufika maola 55 pa sabata, yambirani pamenepo: mabungwe a padziko lonse oona za umoyo (WHO) ndi za ntchito (ILO) mu 2021 anati maola otero amakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40.