Kuyezetsa mbewu ya nthochi ku labotale: mmene ndinaionera ntchitoyi

Aliyense amene anakulira ku Thyolo akukumbukira nthawi imene magalimoto ankanyamuka ku Thekerani ndi ku Masambanjati atadzaza mikoko ya nthochi kupita ku misika ya ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo akudziwanso chimene chinapha malonda amenewo. Matenda a chisaka, amene anayamba kuoneka m'dziko muno cha ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, atafika kuno anapinimbiritsa minda yathu, moti lero nthochi zambiri zimene zikugulitsidwa m'tauni zikuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Ineyo ndili m'kalabu ya alimi imene ili ndi nazale yaing'ono, ndipo tisanayambe kuchulukitsa mbewu yoti tigawane, tinagwirizana kuti mapata amene tikufuna kutengapo ana tikawayezetse kaye ku labotale.

Anzanga ena a m'kalabu anadandaula kuti n'kutaya ndalama kulipirira matenda amene ngakhale mwana amawazindikira. Zoonadi, nthochi ikadwala ndithu sibisika: masamba amatuluka aafupi, opyapyala ndi achikasu m'mbali, amaima chilili n'kuthithikana pamwamba, ndipo mukayang'ana tsamba moloza kudzuwa mumaona timizere tobiriwira kwambiri todukaduka m'misempha yake. Vuto ndi lakuti zizindikirozi zimachedwa. Nsabwe za nthochi, timene ndi tizilombo tating'ono takuda tobisala m'munsi mwa masamba, zikayamwa madzi a nthochi yodwala zimasunga kachilombo koyambitsa chisaka moyo wawo wonse, ndipo nthochi imene zailuma imatha masabata angapo, nthawi zina miyezi, ikuoneka yathanzi. Mwana wochotsedwa paphata lotere amapita kumunda wina atanyamula kale matendawa. Umu ndi mmene ambiri a ife tinapatsirana chisaka ndi manja athu, mwachifundo, pogawana mbewu pachibale.

Gawo loyamba la ntchito ya labotaleyi linandikhutiritsa kwambiri. Anabwera anthu awiri pamodzi ndi alangizi a m'dera lathu, ndipo mayi amene ankatsogolera sanathamangire kudula chilichonse. Anayamba kaye alemba nambala pa phata lililonse, kenaka ankadula kachidutswa ka tsamba lanthete pamodzi ndi msempha wake wapakati, n'kukaika m'kathumba kakekake kolembedwa nambala yomweyo, ndipo timatumba tonse tinalowa m'bokosi lozizira. Tinali ndi mapata 40. Pofuna kutichepetsera mtengo, iwo anatiuza kuti adzasakaniza masamba asanu asanu n'kuwayeza pamodzi, ndipo gulu lokhalo limene lapezeka ndi kachilombo ndi limene adzalibwereze phata ndi phata. Langizo limeneli anatipatsa tisanafunse n'komwe, ngakhale kuti linkachepetsa ndalama zimene akanalandira, ndipo ndinaona kuti ndi anthu oona mtima.

Ndinapempha kuti ndikaone ndi maso zimene zimachitika mkatimo, ndipo anandilola. Njira imene amagwiritsa ntchito imatchedwa PCR, imene anaitulukira Kary Mullis wa ku America m'chaka cha 1983, n'kudzalandira nayo mphoto ya Nobel mu 1993. Tsamba amalisinja, n'kutulutsamo DNA, imene ili ngati malangizo olembedwa a chamoyo chilichonse. M'madzi amenewo muli DNA yambiri ya nthochi, ndipo ngati kachilombo kalimo, yake imakhala yochepa kwambiri. Choncho amathiramo tizidutswa topangidwa mwapadera timene timagwira DNA ya kachilombo ka chisaka kokha, n'kuika timachubu m'makina aang'ono amene amatenthetsa mpaka madigiri pafupifupi 95, kuziziritsa, n'kutenthetsanso, mobwerezabwereza maulendo 30 kapena kuposerapo. Ulendo uliwonse chidutswa chimene akuchifunacho chimawirikiza kawiri, kotero kuti pofika ulendo wa 30 chidutswa chimodzi chimakhala chabereka zinzake zopitirira biliyoni imodzi, zokwanira kuoneka ngati kamzere kowala pa chithunzi. Chimene chinandipatsa chikhulupiriro ndi chakuti pambali pa masamba athu ankayezanso chubu chimene akudziwa kale kuti muli kachilombo ndi china cha madzi okha. Mnyamata amene ankayendetsa makinawo anandifotokozera kuti choyambacho chikapanda kuwala, kapena chachiwiricho chikawala, ndiye kuti ntchito yonse ya tsikulo amaitaya n'kuyambiranso.

Zotsatira zinasonyeza kuti mapata atatu mwa 40 aja anali ndi kachilombo. Limodzi tinkalikayikira kale, koma awiri enawo anali obiriwira bwino, ndipo limodzi mwa iwo, la mtundu wa kabuthu, ndi limene tinkalidalira kuti litipatsa ana ambiri. Tikanatsata maso athu, bwenzi titaligawira mabanja onse a m'kalabu.

Panalinso ntchito ina imene sitinaipemphe ndipo sitinailipire. Kachilombo kochokera pa phata limodzi anakawerenga zilembo zake za DNA pa kachipangizo kotchedwa MinION, kopangidwa ndi kampani ya Oxford Nanopore ya ku England, kamene kukula kwake sikuposa foni ya m'manja ndipo kamalumikizidwa ku laputopu. DNA ya kachilombo ka chisaka ili m'timphete tisanu ndi kamodzi, ndipo kamphete kalikonse kali ndi zilembo pafupifupi 1,000. Zilembozo anaziyerekeza pa kompyuta ndi zimene akatswiri a m'maiko ena anasunga m'nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa GenBank, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya BLAST, ndipo panatuluka chithunzi chonga mtengo wa mbumba. Kachilombo kathu kanagwera m'banja limene limapezeka ku India, ku Australia, ku zilumba za Pacific ndi kuno ku Africa, osati m'banja lina la ku Philippines, ku Taiwan ndi ku Vietnam. Kwa ofufuza amene akutsata njira imene matendawa akuyendera, chidziwitso chimenechi n'chofunika, ndipo ndinasangalala kuchiona. Kwa mlimi amene wagwira khasu, sichisintha kanthu, pakuti phata lodwala liyenera kuzulidwa kaya kachilombo kake n'ka banja liti.

Apa ndi pamene pali dandaulo langa lalikulu. Pepala la zotsatira linabwera pa WhatsApp, lonse m'Chingerezi, lodzaza ndi zidule za mawu ndi chithunzi cha mtengo wa mbumba chija, koma lopanda mzere ngakhale umodzi wonena choti tichite. Pepala lonse linatengedwa ndi zimene zimasangalatsa akatswiri, pamene manambala a mapata atatu odwala anali m'kabokosi kakang'ono kumapeto. Amayi ndi abambo a m'kalabu mwathu, amene anasonkha ndalamazo, anafunika kudikira kuti alangizi abwere kudzawamasulira. Zotsatirazo zinachedwanso ndi masabata awiri kuposa tsiku limene anatilonjeza, chifukwa mankhwala ena oyezera amaitanitsa kunja ndipo magetsi ankathimathima. Zifukwazo n'zomveka, koma nsabwe sizinkadikira, ndipo masiku onsewo mapata odwala anali chiimire pakati pa athanzi. Pali njira ina yotchedwa LAMP, imene inatulukira ku Japan m'chaka cha 2000, yomwe imafuna kutentha kumodzi kokha kwa madigiri pafupifupi 65 ndipo imapereka yankho ola lisanathe. Labotale imene ikutumikira alimi a kutali ngati ife ikanachita bwino kukhala nayo, kuti yankho loyamba lizipezeka tsiku lomwelo.

Chinthu china chimene pepalalo linayenera kunena momveka ndi chakuti zotsatira zikunena za tsiku limene tsamba linadulidwa basi. Phata limene lapezeka lopanda kachilombo lero likhoza kulumidwa mawa ndi nsabwe zochokera m'munda wa mnzanu amene akukana kuzula nthochi zake, ndipo palibe mankhwala ochiza nthochi imene yadwala kale. Anzanga ena anatenga pepalalo ngati katemera, ndipo tinavutika kuwabweza pa maganizo amenewo.

Kwa munthu amene ali ndi mapata ochepa ongodya pakhomo, mtengo woyezetsa sukugwirizana ndi phindu, ndipo kuyendera munda sabata iliyonse n'kuzula msanga chokayikitsa kungamukwanire. Kwa kalabu, nazale, kapena aliyense amene akugulitsa mbewu, ndikulangiza kuti ayezetse, ndipo apemphe pasadakhale kuti masamba ayezedwe m'magulu komanso kuti zotsatira azilandire ndi mawu a Chichewa. Ifeyo mapata atatu aja tinayamba tawapopera kuti nsabwe zife zisanabalalike, kenaka tinawazula ndi zitsa zomwe, kuwaduladula n'kuwakwirira, ndipo malowo timawayendera kuti pasaphuke mwana aliyense. Popeza kachilomboka sikakhala m'nthaka, tidzabzalapo ina mvula ikayamba, ndipo mapata 37 otsalawo tagwirizana kuti tidzawayezetsenso tisanachotsepo ana achiwiri.