Threave, bwinja la miyala pakati pa mtsinje

Abale anga kumudziko, paja mumandifunsa kuti kuno ku Scotland ndimaonako chani ndikapuma kuntchito, lero ndikuuzeni za bwinja lina lotchedwa Threave. Lili ku Galloway, kumwera chakumadzulo kwa dzikoli, kufupi ndi tauni ya Castle Douglas, ndipo lili pachilumba pakati penipeni pa mtsinje wa Dee. Galimoto tinaisiya patali nkuyenda wapansi kudutsa m'mafamu mpaka kumtsinje, pamenepo panali belu, tinaliza ndiye bambo wa boti anabwera kudzatiwolotsa.

Anamanga nyumbayi ndi Archibald Douglas, yemwe ankamutcha Archibald the Grim chifukwa cha kuopsa kwake pankhondo. Anapatsidwa ulamuliro wa Galloway mu 1369 ndipo pambuyo pake ndi pomwe anaimika chinsanja chimenechi, iye anamwalira mu 1400. Ndi nyumba imodzi yamakona anayi, yosanjikizana kasanu, makoma ake kuchindikala pafupifupi mamita 3. Ndinaima pawindo lina nkutambasula manja onse awiri koma khomalo silinathe ayi, windolo limakhala ngati kachipinda pakokha. Miyala yonseyo kuifikitsa pamenepo kopanda mashini, ine mutu unandiima ndithu poganizira anthu wamba omwe anaisenza, omwe lero palibe amawatchula.

Mkati mwake zinthu anazikonza mwa dongosolo. Pansi penipeni mosungira zakudya, momwemo muli chitsime kuti adani akawazinga asafe ndi ludzu, komanso kandende kamdima. Pamwamba pake khitchini, kenako holo yaikulu yodyeramo ndi kuweruziramo milandu, kenako zipinda za bwana ndi banja lake, pamwamba penipeni ndi pomwe ankatetezera nyumbayi. Masitepe ake ndi ozungulira, obisika mkati mwa khoma pangodya, opapatiza moti anthu awiri sangapatukirane bwino. Panopa denga kulibe ndipo matabwa a nsanjika zapamwamba anatha kalekale, ndiye ukayang'ana m'mwamba umaona malo osonkhapo moto ali pakhoma m'malere, pansi pake palibe kanthu. Zinandikhudza kwambiri zimenezo, kuti pamenepo anthu ankaothapo moto ndi ana awo. Mayi wina, Margaret, mwana wa mfumu Robert III, mwamuna wake, mwana wa Archibald uja, atafera kunkhondo ku France mu 1424 ankalamulira Galloway yense ali m'nyumba yomweyi.

Koma nkhani yomwe ndikufuna mumvetse ndi ya kugwa kwake. A banja la Douglas anakula mphamvu mpaka mfumu James II anayamba kuwaopa, mu 1452 mfumuyo inabaya yokha ndi mpeni mtsogoleri wawo William ku Stirling, atamuitana nkumulonjeza kuti sachitidwa kanthu. A Douglas anali atadziwiratu kuti kukubwera mavuto, nchifukwa chake cha m'ma 1447 anagwetsa nyumba zina zoyandikana nayo nkumanga mpanda wina wamiyala kuzungulira chinsanjacho, wokhala ndi tinsanja tozungulira m'makona ndi zibowo zoomberapo mfuti. Mpanda umenewu ndi umodzi mwa oyambirira ku Britain omangidwa poganizira mizinga, ndipo mbali yake ikadalipo, zibowozo ndinazisuzumira ndekha. Mu 1455 mfumu inabwera ndi asilikali ndi mizinga ikuluikulu, anazinga malowa kupitirira miyezi iwiri koma makoma sanagwe. Chomwe chinatsegula chitseko ndi ziphuphu basi, mfumu inapereka ndalama kwa akuluakulu omwe ankalondera mkatimo, iwo nkugonja. Ine zimenezi zimandipweteka, kumanga kolimba chonchija, ntchito ya zaka zambirimbiri, nkugulitsidwa ndi anthu ako omwe.

Itachoka m'manja mwa a Douglas inakhala ya mfumu, kenako ankayang'anira ndi banja la Maxwell. Mu 1640 gulu la ma Covenanter, omwe ankakana kuti mfumu Charles I izilowerera za tchalitchi chawo, linaizinga masabata 13, itagonja analamula kuti aiphwasule isadzagwirenso ntchito yankhondo. Bwinjali linalowa m'manja mwa boma mu 1913.

Musaganize kuti chinsanjacho chinali chokhachokha pachilumbapo, ayi, panali kamudzi ndithu, nyumba za antchito ndi amisiri, komanso kadoko ka maboti pansi pa khoma lakumadzulo. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri atakumba padokopo anapeza nsapato zachikopa ndi mbale zamitengo zomwe matope anasunga osaola. Ndipo m'mitengo yakufupi ndi mtsinjewo mumaswera mbalame zodya nsomba zotchedwa osprey, zomwe nyengo yozizira ikayandikira zimauluka ulendo mpaka kumadzulo kwa Africa.