Heniya: kungosoka, kuika neti, kapena opaleshoni ya kamera?

Heniya ndi chotupa chimene chimabwera matumbo kapena mafuta a m'mimba akatulukira pamalo pomwe minofu ya mimba yafooka. Yambiri imatulukira m'mphechepeche, makamaka kwa amuna, ndipo njira zoikonzera zilipo zitatu.

Yakale ndi kungosoka minofu yophwasukayo. Anaiyambitsa dokotala Edoardo Bassini ku Italy m'zaka za m'ma 1880, ndipo chipatala cha Shouldice ku Canada chinaikonza bwino kwambiri. Vuto lake ndi loti minofu imasokedwa mokoka, ndiye munthu akayambiranso kusenza matumba a chimanga, msokowo umatha kumasuka heniya n'kubwerera. M'manja mwa katswiri amene amachita zimenezi tsiku ndi tsiku imagwira, koma akatswiri otere ndi ochepa.

Yachiwiri ndi ya Lichtenstein, dokotala wa ku America amene anaiyambitsa: amang'amba pang'ono pamwamba pa chotupacho, n'kuyala kaneti kapulasitiki kuti minofu imere mokazungulira. Palibe kukoka. Heniya imabwerera mwa apo ndi apo poyerekeza ndi kusoka chabe, ndipo safunika kukugonetsa. Jekeseni ya pamsana kapena yochititsa dzanzi pamalopo imakwana. Ndi chifukwa chake ine ndimaiona ngati yoyenera m'zipatala za m'maboma, kumene opaleshoni zambiri zotere amachita ndi ma clinical officer. Kudula kwa netiyo kunali chopinga, koma kafukufuku wa ku Uganda wofalitsidwa mu 2016 anayesa neti yotsika mtengo, yopangidwa ngati ya udzudzu, pa amuna pafupifupi 300. Patatha chaka, sinasiyane kwenikweni ndi neti yodula ya kufakitale. Si neti yanu yogonamo yonyikidwa m'mankhwala ija ayi, imeneyo isayandikire n'komwe.

Yachitatu ndi ya kamera: amaboola timabowo titatu pamimba, kulowetsa kakamera koonera, n'kuika neti kuchokera m'kati. Bala limapola msanga, ululu wokhalitsa umachepa, koma pamafunika kukugonetsa ndithu, zida zodula ndi dokotala wozolowera. Imapambana ngati heniya ili mbali zonse ziwiri, ngati yabwerera pambuyo pa opaleshoni yong'amba, kapena kwa amayi, chifukwa dokotala amaonanso kabowo ka m'munsi pafupi ndi ntchafu kamene kamakonda kutsekereza matumbo. Kwa bambo wa heniya mbali imodzi, kudikira miyezi kuti apeze kamera n'kutaya nthawi.

Mchombo wotuluka nawonso ndi heniya. Wa mwana nthawi zambiri umatsekeka wokha asanafike zaka 5, osamangapo ndalama yachitsulo. Wa munthu wamkulu sutero. Heniya yotuluka pachipsera cha opaleshoni yakale, monga ya kubereka, imabwerera kawirikawiri ikangosokedwa, choncho pamenepo neti ndiyo yabwino.

Zonsezi zimasintha chotupacho chikauma, chikakana kubwerera m'kati, munthu n'kumasanza. Matumbo amakhala atapanikizika ndipo amayamba kufa pakangopita maola ochepa. Dokotala akapeza kuti thumbo laola n'kutayira zoipa m'mimba, kawirikawiri amangosoka osaika neti, poopa kuti ingagwire mafinya.