Yisiti wochotsedwa majini wa ku EUROSCARF: ngwothandiza, koma muyambe mwamuyeza

Wofufuza ntchito ya jini linalake mu yisiti wa Saccharomyces cerevisiae ali ndi njira ziwiri: kuchotsa yekha jinilo, kapena kuitanitsa yisiti amene analichotsa kale. EUROSCARF, nkhokwe ya mitundu ya yisiti ya ku Germany, imagulitsa yisiti wochotsedwa kale jiniyu, ndipo kwa labotale yosowa nthawi ndi ndalama, kugula n'kwanzeru.

Katunduyu ndi chipatso cha malabotale ambiri a ku Ulaya ndi ku North America, ndipo mmodzi mwa amene anatsogolera ndi Ronald Davis wa ku Stanford. DNA yonse ya yisiti itawerengedwa mu 1996, iwo anayamba kuzula majini ake pafupifupi 6,000 limodzilimodzi, n'kumaikapo kachidutswa ka DNA kotchedwa kanMX kamene kamateteza selo ku mankhwala opha yisiti a G418. Zotsatira zinatuluka mu 1999 ndi 2002. Pamene panagona luso ndi apa: mtundu uliwonse anaupatsa chizindikiro chakechake cha zilembo 20 za DNA, moti mukhoza kusakaniza mitundu masauzande m'botolo limodzi n'kudziwabe umene wafa ndi umene wakula. Mpaka lero kafukufuku wambiri wa yisiti amayambira pamenepa.

Poitanitsa, samalani dzina la mtundu wa yisiti umene anachotsamo jinilo. BY4741 ndi MATa (umodzi mwa mitundu iwiri ya yisiti imene imaphatikizana pobereka) ndipo sapanga yekha zinthu zimene selo limafuna izi: histidine, leucine, methionine ndi uracil. BY4742 ndi MATalpha, mtundu winawo, ndipo m'malo mwa methionine amasowa lysine. Majini pafupifupi 1,100 amene selo silingakhale moyo popanda iwo amapezeka mu BY4743 yekha, amene ali ndi makope awiri a jini lililonse, mmene kope limodzi la jinilo linasiyidwa.

Yisitiyo akafika, mupakeni pa mbale ya chakudya chotchedwa YPD: magalamu 10 a yeast extract, 20 a peptone, 20 a glucose ndi 20 a agar pa lita imodzi, kuphatikiza mamiligalamu 200 a G418 amene mumathira chakudyacho chitazizirako. Pa madigiri 30 timagulu timaoneka pakatha masiku awiri kapena atatu. Sungani mu glycerol wa 15 peresenti pa madigiri -80 tsiku lomwelo mwatsimikiza kuti ndi yemweyo. Ambiri amapunthwa pa chakudya chokhala ndi ammonium sulfate, chifukwa mmenemo G418 amafooka ndipo chilichonse chimamera. Ikani galamu imodzi ya monosodium glutamate pa lita m'malo mwa ammonium sulfate.

Kutsimikizako ndiye nkhani yaikulu. Musakhulupirire chizindikiro cha pa chubu. Chitani PCR (njira yokopa chigawo cha DNA chimene chili pakati pa tizidutswa tiwiri totchedwa primer) ndi primer A, wogwira kunja kwa jinilo, pamodzi ndi kanB, wogwira mkati mwa kanMX, kuti muone kuti kanMX ali pamalo pake, kenako A ndi B, wogwira mkati mwa jinilo, kuti muone kuti jini lenileni mulibe. Kugwiritsa ntchito A ndi D zokha (D amagwira kunja kwa jinilo mbali inayo) kumanamiza ngati jini lanu lili lofanana kutalika ndi kanMX, pafupifupi zilembo 1,500, popeza mzere wa pa gel umagwera malo amodzimodzi.

Ngakhale PCR itayenda bwino, mavuto ena sakuonekera pamenepo. Selo likataya jini lofunika limafunafuna podzipulumutsira. Kafukufuku wa mu 2000 anapeza kuti pafupifupi 8 peresenti ya mitundu imene anaiyeza inali ndi kromozomu kapena chigawo chake chowonjezera. Penanso kuchotsa jini limodzi kumasokoneza loyandikana nalo, inu n'kumaloza chala losalakwa. Komanso banja lonseli linachokera kwa yisiti wotchedwa S288C wa wasayansi Robert Mortimer, amene ali ndi zofooka zodziwika: jini lake la HAP1 ndi lowonongeka, la FLO8 siligwira ntchito, ndipo kawirikawiri amabala timagulu ting'onoting'ono ta mitochondria (tizigawo ta selo toyendetsa kapumidwe) zakufa. Pakani kagulu kalikonse pa mbale ya glycerol, popeza timagulu totere sitimera pamenepo. Kakakanika kumera, katayeni, pokhapokha ngati jini lochotsedwalo ndi la kapumidwe ka selo. Wofufuza kapumidwe ka selo kapena kakulidwe kotambalala ngati ulusi asankhe banja lina.

Posefa majini ambiri nthawi imodzi, palibe chofanana ndi katunduyu. Koma jini limene mukufuna kulembapo zotsatira, lichotseninso mwatsopano. Kopani kanMX kuchokera mu yisiti mwagulayo pogwiritsa ntchito A ndi D, mulowetseni mu BY4741 wosachotsedwa jini pogwiritsa ntchito mankhwala a lithium acetate ndi PEG, mutenthetse pa madigiri 42 kwa mphindi 40, ndipo maselowo apume mu YPD maola awiri kapena atatu musanawaike pa G418. Mukawaika msanga, amafa asanayambe kudziteteza.