Ma intermediário a malo ku Tete: kuyenda amatha, mapepala muonere nokha

Mukangotchula kuti mukufuna talhão (puloti yomangapo) ku Matundo, ku Chingodzi, ku Moatize kapena ku Vila Ulónguè, foni siichedwa kulira. Anyamata olumikiza wogula ndi mwini malo, aja timawatcha ma intermediário, kufufuza amatha. Amadziwa yemwe akusamuka, amadziwa msewu umene umaduka dzinja, ndipo pa njinga yamoto akuonetsani malo angapo dzuwa lisanapendeke. Apa comissão yawo ndi yoyenera, bola mugwirizane kuchuluka kwake ndi woilipira musanakwere njingayo.

Pomwe amafooka ndi pa mapepala, ndipo mpomwe ndalama za anthu zimathera. Ku Mozambique nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa; Lei de Terras ya 1997 ikutero. Chimene munthu amakhala nacho ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ndipo chogulitsika ndi zomwe zili pamwamba: nyumba, mpanda, mitengo. Intermediário kawirikawiri amakubweretserani declaração, kalata yodindidwa ndi secretário wa bairro (mkulu wa dera), nkunena kuti zonse zili m'malo. Pepala limenelo likungochitira umboni kuti munthuyo amadziwika m'deralo. Si DUAT ayi, ndipo silingaletse talhão yomweyo kuperekedwa kwa anthu awiri. Mumadzazindikira tsiku lotsitsa mchenga, mutapeza wina wakumba kale maziko.

Musanapereke ngakhale ndalama ya chikole, pitani nokha ku ofesi ya cadastro (kaundula wa malo) ya Conselho Municipal, akuonetseni nambala ya talhão ndi dzina lolembedwapo. Ngati pali nyumba, katengeni certidão, kalata ya umboni, ku Conservatória do Registo Predial, ofesi yolembetsa nyumba. Imasonyeza mwini wake komanso ngati nyumbayo inakoledwa ku banki. Dzinalo lifanane ndi la pa BI (chiphaso cha unzika) ya wogulitsa. Ngati ndi nyumba yamasiye, olowa m'malo onse asayine, osati mwana mmodzi yekha amene ali ndi changu cha ndalama. Kumidzi ya ku Angónia, munda wa mbumba osaulandira kwa mkamwini. Muonane ndi malume ake a banjalo ndiponso mfumu. Kenako escritura, chikalata cha kugulitsana, ilembedwe kwa notário (wotsimikizira zikalata mwalamulo), mulipire Sisa, msonkho wogulira nyumba, ya 2%, nyumbayo mukailembetse m'dzina lanu. Intermediário wabwino amakuperekezani konseku osanyinyirika. Wokuuzani kuti "pali wina akubwera ndi ndalama mawa", msiyeni apite naye winayo.

Funsaninso ngati DUAT ndi yokhazikika kapena ndi ya provisório, yongoyembekezera. Ya provisório imakhala zaka 5 kwa nzika, zaka 2 kwa mlendo, ndipo ikatha musanachite zomwe munalonjeza pamalopo, boma likhoza kuilanda. Abale a ku Malawi adziwe izi: mlendo payekha amapatsidwa DUAT atakhala m'dziko muno zaka zosachepera 5 ndipo ali ndi pulojekiti yovomerezeka.

Chinanso chimene anyamatawa satchula ndi malo otetezedwa, komwe DUAT siperekedwa: mamita 30 kuchokera pa msewu waukulu, 15 pa misewu yocheperapo, 50 mbali zonse za njanji, ndi makilomita 2 m'mbali mwa malire a dziko. Ku Zóbuè ndi ku Calómuè mfundo yomalizayi ndi yaikulu, chifukwa malo okoma pa malonda ali pafupi ndi malire pomwepo. Tengani agrimensor, woyeza malo, akayeze, aone ngati ma marco, zizindikiro za malire, a simenti ali pomwe mapu akunena. Marco wosunthidwa amaoneka dothi lake lofewa pozungulira.

Malo amaonetsedwa bwino m'chilimwe, pouma. A kufupi ndi Revúbuè, mtsinje umene unagumula mlatho mu Januwale 2022 nthawi ya namondwe Ana, kawaoneni mvula itagwa. Yang'anani mzere wa matope pa makoma a nyumba zoyandikana, ndipo mufunse amayi a pa mpopi kuti madzi anafika pati, intermediário ali pataliko.