Kugulitsa nyumba pamene akumanga kutsogolo kwa khonde lako: eijenti, wekha, omangawo, kapena kudikira?

Chigulitsireni nyumba yathu ya ku Greendale mu Harare muno, palibe Lamulungu limene ndatuluka m'tchalitchi osaimitsidwa pakhomo. Wina afunse za eijenti, wina za msonkho, wina angondikokera pambali n'kunong'ona kuti, "Achemwali, kwathunso ayamba kukhoma zikhomo." Ku sosaite ya maliro nakonso nkhani ndi yomweyi. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengere.

Nyumbayo tinaigula mu 2020 ili yotheratu, denga lodontha, mawindo ang'onoang'ono. Chinatikopa ndi malo. Sitandi yake ili pachitunda, ndipo kumunsi kwake kunali dambo ndi mitengo ya msasa, ija imafiira masamba mu Ogasiti ndi Seputembala. Tinagumula khoma la pabalaza, tinaika mawindo aakulu, tinamanga khonde la matailosi loyang'ana kolowera dzuwa. Tinakumbitsanso mjigo, tinaika thanki ndi sola. Amayi anga, amene anachoka ku Dedza ali mtsikana kutsatira abambo amene ankagwira ntchito kuno, ankakhala pakhondepo madzulo akusola mtedza m'lichero, n'kumati dambolo likuwakumbutsa kumudzi.

Tsiku lina kunabwera kalata. Mwini sitandi yaikulu ya kumunsi anali atagulitsa, ndipo ogulawo anali kupempha chilolezo ku khonsolo kuti amange ma cluster, nyumba zosanja zothithikana mumpanda umodzi. Amene mumakhala ku Marlborough, ku Mount Pleasant kapena ku Highlands mukuzidziwa, zamera paliponse. Lamulo la Regional, Town and Country Planning Act limafuna kuti pempho lotere lilengezedwe m'nyuzipepala, oyandikana nawo adziwitsidwe ndi kupatsidwa nthawi yotsutsa. Tinalemba kalata yathu yotsutsa. Koma loya sanatibisire: kuno lamulo silipatsa munthu ufulu woona dambo kudzera pamalo a mnzake, pokhapokha zitalembedwa m'ma title deeds, mapepala a umwini wa malo. Ife tinali kale ndi maganizo ogulitsa kuti tipeze yocheperako ndi kumangako kena kake kumudzi. Funso linangotsala lakuti tigulitse bwanji.

Ndiyambe ndi eijenti, chifukwa ndi pamene pali bala langa.

Zabwino zake sindikana. Amadziwa mitengo ya m'dera, ali ndi ogula a ku UK ndi ku Joni amene iwe sungawapeze, ndipo amasefa anthu ongofuna kudzaona m'nyumba za eni. Amene ndinapita kwa iye anali wolembetsedwa ku Estate Agents Council, ndinafufuza. Mtengo wake unali wodziwika, 5 peresenti kuwonjezerapo VAT. Zimenezo ndinavomera ndi maso otsegula.

Chimene sindinawerenge bwino ndi pepala limene amati sole mandate, lopatsa eijenti mmodzi yekha mphamvu yogulitsa nyumba. Anabwera nalo Loweruka m'mawa, anakhala pakhonde lomwe lija, anamwa tiyi wanga, n'kundiuza kuti ndi mwambo chabe, ndingosaina pamunsi. Masiku 90. Ndinamuonetsa kalata ya ma cluster ija. Anaipinda n'kundibwezera. "Amayi, iyi ikani m'kabati. Tijambula dzuwa likamalowa, tigulitsa njerwa zisanafike. Mu agrimenti muli voetstoots, ikutetezani." Mtima unagunda, koma ndinakhala chete. Zithunzi zinatuluka zokongola zedi, dambo lonse lofiira, ndipo pamwamba analembapo za kukongola kwa maonekedwe a malowo.

Wogula woyamba anali ku UK. Tinagwirizana mtengo, ndipo anatuma mng'ono wake kudzaona komaliza. Mnyamatayo anafika tsiku lomwe lole inali kukhuthula mchenga kuseri kwa durawall yathu, mpanda wa konkire. Anaima pakhonde, anayang'ana kumunsi, anandiyang'ana ine. "Amayi, mumadziwa?" Ndinalephera kuyankha. Ndine mayi wa Chigwirizano, ndimaphunzitsa ana Sande sukulu, ndipo mwana wa mwini anandiyang'ana ngati wakuba pakhomo panga. Madzulo omwewo mkulu wake anabweza mawu.

Nditapita kwa loya wanga anandiuza zimene eijenti sananene. Voetstoots, ndime yakuti nyumba ikugulidwa mmene ilili, imateteza wogulitsa pa zolakwika zobisika zimene iye sankazidziwa, si chishango cha munthu wobisa dala. Ndipo ngati watsatsa nyumba ndi chithunzi cha dambo uku kalata yakuti dambolo litsekeka ili m'kabati mwako, wogula angathe kukutengera kukhoti kuti unamunamiza. Wosaina agrimenti ndiwe, osati eijenti.

Zitatero foni ya eijenti inayamba kuzizira. Milungu inkatha osabweretsa munthu, akaimba n'kungonena kuti titsitse mtengo. Masiku 90 atakwana ndinapuma, ndimvekere ndamasuka. Ndinadzipezera ndekha wogula, banja la kutchalitchi kwathu. Tangosainirana, kalata inafika kwa loya: eijenti akufuna 5 peresenti yake. Patsamba lachiwiri, m'zilembo zing'onozing'ono, munali ndime ziwiri. Ina inkati pangano limadzipitirira lokha ngati sunalembe kalata yolithetsa. Ina inkati nyumba ikagulidwa pangano lili moyo, komishoni ndi yake, kaya wogulayo wamupeza ndani. Werengani nokha: panyumba ya madola 100,000, imeneyo ndi madola 5,000, VAT isanalowe. Ndinalipira munthu amene sanawaonepo ogula anga ndi maso, yemwenso malangizo ake anandichotsa ulemu. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri. Mpaka lero ndikadutsa pachikwangwani chokhala ndi dzina lake m'mimba mumatentha.

Njira yachiwiri ndi kugulitsa wekha, loya ali pambali pako. Ndi imene inagwira ntchito kwa ine, ndipo ndikuikonda mosabisa.

Ili ndi minga yake. Ukaika pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, foni siigona. Ambiri ndi ongofunsa, ena amadzitcha maeijenti koma alibe pepala lililonse, ena sudziwa ngati akuona nyumba kapena akuwerenga mabatire a sola. Ine sindinkalandira mlendo amuna anga kulibe. Musatumizire aliyense chithunzi cha ma title deeds kapena chitupa chanu, chifukwa nkhani za nyumba zogulitsidwa ndi mapepala achinyengo mu Harare muno tonse tazimva. Ndalama zisadutse m'manja kapena m'chikwama, zipite ku trust account ya loya wosamutsa umwini, akaunti imene amasungiramo ndalama za eni. Kawirikawiri loyayo amasankha ndi wogulitsa, ngakhale zolipira zosamutsira ndi msonkho wa stamp duty zimakhala za wogula.

Koma ubwino wake waukulu ndi wakuti pakamwa ndi pako. Banja lija lisanabwere ndinapita kwa kapitawo wa omanga aja, ndinamupempha andionetse mapulani, ndinafunsa kutalika kwa denga. Tsiku lodzaona, mwana wanga anamangirira nsalu yofiira kunsonga ya nsungwi yaitali n'kukaiimika pamene kapitawo analoza. Ndinawakhazika alendowo pakhonde, ndinawapatsa kalata ija kuti awerenge, n'kuwauza kuti, "Abambo, pamene pali nsalupo ndi pamene padzalekezere denga. Dambo simudzaliona. Mudzatsala ndi nsonga za mitengo iyo ya kumanja, ndi dzuwa mpaka cha m'ma 4 koloko." Bamboyo anayang'ana nthawi yaitali osayankhula. Mkazi wake ndiye anadzuka, analowa kukhitchini, anatsegula mpopi n'kuusiya ukuthira. "Madziwa ndi a mjigo?" Nditavomera anafunsa ngati umaphwa mu Okutobala. Ndinati ayi, chikumbireni sunaphwepo.

Pamenepo ndinazindikira kuti ine ndinkalira dambo, pamene iwo ankafuna madzi. Madzi a khonsolo amachokera kutali, ku Lake Chivero kudzera ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray, kumadzulo kwa mzinda, ndipo ife a kum'mawa timadziwa mmene mipopi imakhalira youma. Kwa munthu wotopa ndi kugula madzi a bauza, mjigo ndi sola zimalemera kuposa kulowa kwa dzuwa. Anapempha kuti nditsitseko mtengo chifukwa cha fumbi ndi phokoso limene likubwera, ndinatsitsa pang'ono, ndipo loya analemba mu agrimenti kuti ogula auzidwa za chimango cha kumunsi ndipo aona kalata yake. Anthu amenewa ndimakhala nawo benchi limodzi Lamulungu lililonse. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata, ndipo ife a Chinyanja mu Harare muno ndife ochepa, timadziwana kuyambira ku Mbare mpaka ku Mabvuku ndi ku Tafara.

Njira yachitatu inabwera yokha pageti. Omanga aja anafuna kugula sitandi yathu kuti awonjezere nyumba zina. Ndalama zawo ndi zachangu ndipo za dambo alibe nazo ntchito. Koma iwo amagula dothi basi. Matailosi, siling'i, mawindo anga aakulu aja, zonse kwa iwo ndi zogumula, ndiye saikapo mtengo. Anayesanso kundinyengerera kuti m'malo mwa gawo la ndalama adzandipatse nyumba imodzi ikadzatha. Nyumba ya papepala ndinaikana. Ngati yanu ndi yakale yosakonza pasitandi yaikulu, amvereni. Ngati mwathiramo thukuta ngati ine, mudzalira.

Yachinayi ndi kudikira, mwina kuika alendi mpaka chimango chithe. Zikatha wogula amaona zenizeni, sachitanso mantha ndi zimene sakuzidziwa. Koma pakatipo ndi fumbi la simenti, malole okumba msewu, ndipo mlendi wabwino sakhalitsa paphokoso. Ganiziraninso za mjigo wanu mabanja ambiri akayamba kupopa madzi pansi pomwepo. Ndinaikana njirayi, koma pali anthu amene ndi yowayenera: amene atsala pang'ono kukwanitsa zaka 55. Munthu wa zaka 55 kapena kuposerapo akagulitsa nyumba imene amakhalamo yekha mwini, salipira capital gains tax, msonkho wa pogulitsa nyumba. Ine ndinali ndi zaka 51 ndipo nyumba inali m'dzina langa. Zikanakhala kuti kwatsala chaka chimodzi, bwenzi nditapirira fumbilo.

Ngati simunafike zaka 55, msonkhowu umakupezani njira iliyonse imene mwasankha, ndipo kwa ife okonza nyumba uli ndi msampha wake. Nyumba yogulidwa 22 Febuluwale 2019 isanafike imalipira 5 peresenti ya mtengo wonse. Yogulidwa pambuyo pake, ngati yathu, imalipira 20 peresenti ya phindu, ndipo ndalama zimene munawononga pokonza zimachotsedwa powerengera phindulo. Koma a ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, amafuna umboni. Simenti, malata ndi zitsulo ndinali ndi malisiti ake. Amisiri anga, achimwene ena a ku Mufakose amene anamanga khonde lonse mwaluso, ndinkawalipira pamanja Lachisanu lililonse popanda cholemba. Ndalama zonsezo zinalibe pozigwira. Amene mukukonza nyumba panopa, gulani kabuku, mmisiri azisaina akalandira, malisiti muzisunga m'chikwama chimodzi. Onaninso kuti khonde kapena chipinda chimene mwawonjezera chili pamapulani ovomerezeka, ndipo ngongole ya mareti ndi madzi ku khonsolo ithe msanga, chifukwa popanda rates clearance (chikalata chotsimikiza kuti ngongoleyo yatha) ndi chikalata cha msonkho umwini susamuka.

Mukandifunsa kuti ndisankhe, ndisankha kugulitsa ndekha ndi loya, kalata ya omanga ili patebulo kuyambira tsiku loyamba. Ngati muli kunja kwa dziko kapena mulibe nthawi yolandira alendo, tengani eijenti, koma pa open mandate, kuti amene wabweretsa wogula ndiye adye. Akaumirira sole mandate, pitani nalo pepalalo kwa loya musanasaine, mufufutitse ndime yodzipitirira yokha, mulembetse kuti wogula wodzipezera nokha alibepo komishoni. Ndipo eijenti aliyense wokuuzani kuti kalata ibisidwe m'kabati, mutsegulireni geti azipita.

Achemwali a ku Marlborough amene munandiuza kuti mwasaina kale, musadikire kuti masiku akwane. Tsegulani tsamba lachiwiri usiku uno, muone ngati pakufunika kalata yothetsa pangano ndi masiku angati. Lachinayi ku Chigwirizano bwerani nalo pepalalo, ine ndibweretsa langa kuti tidzaziike pamodzi.