Mkodzo, sFlt-1 kapena C3 ndi C4: kwa ife a lupus tikakhala ndi pakati

Anzanga a lupus, matenda aja oti chitetezo cha mthupi chimalimbana ndi thupi lomwelo, mwandifunsa kokwanira kuti BP ikakwera uli ndi pakati ndi kuyeza kuti komwe kumathandiza, ndiye ndingoyankha kamodzi.

Chovuta kwa ife nchoti preeclampsia (matenda okweza BP obwera ndi mimba) ndi lupus yogwira impso zimaoneka chimodzimodzi, BP kufika 140/90, mapazi kutupa, puloteni mu mkodzo. Koma thandizo lake ndi losiyana, preeclampsia nthawi zambiri imatha mwana ndi nsengwa zikatuluka pomwe impsozo zimafuna mankhwala ngati prednisolone mimba nkumapitirira.

Kapepala koviika mu mkodzo ku sikelo musamakajombe, koma kamangoti puloteni ilimo, yabwera bwanji sikanena.

Kuyeza magazi kwa sFlt-1 ndi PlGF nzeru yake ndi yabwino, sindingakane. Zonse ziwiri ndi mapuloteni a m'magazi ochokera ku nsengwa, nsengwa ikamavutika sFlt-1 imakwera PlGF nkutsika, pomwe lupus ya impso payokha nthawi zambiri siyizisuntha choncho. Akagawa nambala ya sFlt-1 ndi ya PlGF nkupeza 38 kapena kutsika apo, preeclampsia imakhala yokayikitsa kwambiri kwa sabata imodzi yotsatira. Sabata imodzi basi, ndipo apa ndi pomwe panandiwawa ine. Ndinakwera minibasi ku Luchenza miyendo ili tupitupi kupita ku labu ina ya pulaiveti mtauni, mtengo atandiuza pafoni, kufika kuja akuti magaziwo sayezera pompo amawatumiza kunja ndiye pali ndalama ina yotumizira, inanso yochotsera magazi, zomwe pafoni paja sanatchule olo pang'ono. Ndinalipira chifukwa cha mantha. Zotsatira zinabwera sabata itadutsa kale, nanga pepala lonena za sabata yatha likandithandiza chani ine BP ikukwera lero? Musanapereke ndalama funsani kuti zotsatira zituluka liti komanso mtengo wonse ndi zingati.

Ine mtima wanga uli pa C3, C4 ndi anti-dsDNA, mapuloteni a chitetezo cha mthupi omwe amayeza m'magazi. Lupus ikadzuka C3 ndi C4 zimatsika, anti-dsDNA nkukwera. Kungoti yezetsani mimba ikadali yaying'ono, chifukwa pa mimba C3 ndi C4 zimakwera zokha ndiye adokotala amafuna poyerekezera. Nazonso sizinena zonse ayi, matenda awiriwa amatha kubwera limodzi.

Koma mutu ukamawawa kwambiri, m'maso mukamachita chidima kapena pamwamba pa mimba pakamapweteka, musadikire pepala la labu iliyonse, pitani ku chipatala tsiku lomwelo.